Bwana wa papolisi ndi moyo wa mwana wanu wapolisi: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndakhala ndikuwamva m'masiwa, m'makombi, komanso tikatuluka m'tchalitchi cha CCAP anthu ataima panja kudikira kuti dzuwa lipepe. Ofunsa ambiri ndi amayi, azakhali ndi akazi a apolisi a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Epworth. Agogo athu adabwera kuno ku Zimbabwe kudzalima fodya m'mafamu, kukumba migodi, kuphika ndi kulondera m'nyumba za azungu, ndiye mdzukulu akavala yunifomu ya Zimbabwe Republic Police banja lonse limanyadira. Zimadabwitsa tsono kuti patangopita zaka zisanu, mnyamata yemweyo akuwonda, sakugona, ndipo akufunsa za basi ya ku Johannesburg. Ine ndimati nthawi zambiri amene amamufikitsa pamenepa ndi bwana wake.

Mukamati "bwana", mukunena ndani kwenikweni?

Sindikunena wa pamwamba penipeni. Ku likulu la apolisi kuno ku Harare kumakhala Commissioner-General: a Augustine Chihuri adakhala pa mpandowo mpaka kumapeto kwa 2017, kenako a Godwin Matanga, ndipo kuyambira Januwale 2025 ndi a Stephen Mutamba. Koma konsitabulo akhoza kugwira ntchito mpaka kupuma osalankhulapo ndi munthu wa udindo umenewo, kungomuona patali pa perete. Amene amasunga mtendere wake ndi sajeni wolemba ndandanda ya mashifiti, ndi mkulu wa siteshoni, yemwe apolisi amangoti OIC. Pamwamba pa ameneyu pali Dispol woyang'anira dera, kenako Propol woyang'anira chigawo chonse.

Sajeni ndi OIC ndiwo amanena kuti ndani agwire usiku, ndani apite kukanyamula mtembo, ndani apatsidwe tchuthi maliro akagwa kumudzi, ndani alembedwe kuti ndi woyenera kukwezedwa. Ndiye ndikamati bwana m'nkhani ino, ndikunena anthu awiriwa.

Si malipiro kodi amene amathamangitsa apolisi? Bwanji mukunamizira mabwana?

Malipiro ndi nkhani yaikulu, ndipo aliyense amene anali kuno mu 2008 sangatsutse. Chaka chimenecho malipiro a mwezi wonse ankatha mphamvu munthu asanafike pa kauntala ya banki, ndipo ogwira ntchito m'boma ambiri adangonyamuka kuwoloka Limpopo. Kuchokera pamenepo ndalama zakhala zikusintha: taona madola a ku America, ma bond note, RTGS, ndipo kuyambira Epulo 2024 ZiG. Wapolisi wokhala pa lendi ku Budiriro amadziwa kuwawa kwa kusinthasintha kumeneku kuposa ine.

Koma taganizani izi. Makonsitabulo awiri olowa ntchito tsiku limodzi amalandira mofanana, kaya ali siteshoni iyi kapena iyo. Komabe pamakhala siteshoni imene aliyense akupempha kuti asamutsidwireko, ndi ina imene anthu akuithawa, "akudwala" Lolemba lililonse. Kusiyana kumeneko si kwa ndalama. Ku England, kumene wapolisi amalandira ndalama zoti wathu kuno sangalote, Profesa Sarah Charman wa ku yunivesite ya Portsmouth adafunsa apolisi amene adasiya ntchito mwa kufuna kwawo. Zimene zinkabwerezedwa m'mayankho awo ndi utsogoleri woipa, kusamvedwa akalankhula, ndi kukondera pa kukwezedwa. Ine ndimaona chonchi: umphawi umamupatsa munthu chifukwa choganizira zochoka, koma tsiku lenileni lolemba kalata nthawi zambiri limabwera pambuyo pa chipongwe china cha muofesi.

Mabwana ovuta ali paliponse, ngakhale m'mafakitale a ku Workington. Kupolisi kukusiyana pati?

Kukusiyana chifukwa wapolisi alibe kothawira. Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 limapatsa ogwira ntchito ufulu wolowa mabungwe awo ndi kunyanyala ntchito, koma limapatula a chitetezo, ndipo apolisi ali m'gulu limenelo. Lamulo la ntchito limene limateteza wa mufakitale silifika kwa iwo. Iwo amayendera Police Act, Chapter 11:10, ndipo pa lamulo limeneli wapolisi akalakwa akhoza kuzengedwa mlandu ndi ofisala mmodzi yekha, n'kulipitsidwa kapena kutsekeredwa masiku angapo m'malo otsekera apolisi anzawo. Kungosowa pa ntchito osatsanzika nakonso ndi mlandu.

Wonjezeranipo nyumba. Amene amakhala m'kampu, denga lake lamangirirana ndi ntchito. Wonjezeraninso transifa: kalata imodzi ikhoza kumuchotsa munthu ku Harare n'kukamuika ku Binga kapena ku Nyamapanda, ana ali pakati pa temu, mkazi ali ndi tebulo lake la tomato ku Mbare Musika. Kusamutsa ndi gawo la ntchito, aliyense amalowa akudziwa. Koma kukasanduka chikwapu chokwapulira amene wayankha bwana, siteshoni yonse imaphunzira kukhala duu. Munthu mmodzi akagwira chakudya chako, nyumba yako, tulo tako ndi ufulu wako, khalidwe lake limakhala ngati nyengo: likaipa, zonse zaipa.

Kodi utsogoleri uli mitundumitundu?

Akatswiri adaugawa kalekale. Mu 1939 Kurt Lewin ndi anzake adayesa magulu a anyamata ndi atsogoleri a mitundu itatu: wolamula yekha, wofunsa maganizo a gulu, ndi wongolekerera. Adapeza kuti a mtsogoleri wolamula ankalimbikira iye akalipo, koma akangotuluka ntchito inkazilala. Aliyense amene adakhalapo pa benchi ya pa charge office, pamene amalandirira madandaulo, masana bwana atapita ku msonkhano akudziwa kuti zimenezi si za m'mabuku mokha.

Ndiwafotokoze m'mene apolisi eniake amawafotokozera. Woyamba ndi wa mkuwe. Amadzudzula pa perete pamaso pa onse, nthawi zina pamaso pa odandaula ngakhale akaidi. Anthu ake amaima njo, nsapato zikuwala, koma amamubisira zonse. Doketi, fayilo ya mlandu, ikasowa sauzidwa, mfuti ikavuta sauzidwa, mpaka nkhani itaphulikira kwa Dispol.

Wachiwiri ndi wa "zionereni nokha". Ameneyu anthu amayamba amukonda chifukwa satukwana, koma ine ndimamuopa kuposa woyamba uja. Salemba ndandanda pa nthawi yake, sathetsa mikangano, ndipo zikavuta amati sanadziwe. Pa siteshoni yotere amalamula ndi amene ali ndi msana, ndipo ntchito zonse zonyansa zimagwera mwana wongochokera ku sukulu ya apolisi ya Mkushi, kuja akuluakulu akutchulabe kuti Morris Depot.

Wachitatu amalamula ndithu, koma amanena chifukwa chake, amadziwa kuti mwana wa konsitabulo uja ali m'chipatala, ndipo zikalakwika amaima kutsogolo. Akale adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Bwana amene amalandira yekha nkhonya zochokera kumwamba m'malo mozitsitsira kwa ang'onoang'ono, anthu ake amalolera kugwira usiku wa Khirisimasi osang'ung'udza.

Koma upolisi ndi ntchito yomvera lamulo. Mukufuna azivota kaye asanathamangitse wakuba?

Ayi. Pa ngozi ya basi kapena pamene anthu achita chipolowe, mawu akhale a munthu mmodzi ndipo ena athamange. Koma nthawi zotere ndi zochepa pa mwezi. Masiku ena onse ndi a ndandanda, malipoti, makhothi ndi tchuthi, ndipo pamenepo kufunsa munthu maganizo ake sikuchotsa nyenyezi pa phewa la aliyense.

Ine ndimaganiza kuti chimene chikumudwalitsa mwamuna wanga ndi mitembo ndi ngozi zimene amaona. Ndikulakwa?

Simukulakwa, mayi. Wapolisi wa kuno amanyamula yekha mtembo n'kuuika m'bokosi lachitsulo lija, nthawi zina wa munthu amene wakhala masiku m'nyumba yotseka, nthawi zina wa mwana wogundidwa pa Seke Road. A ku Victim Friendly Unit amamva tsiku ndi tsiku nkhani za ana ogwiriridwa, kenako n'kupita kunyumba kukasambitsa ana awo. Zimenezi zimasiya chipsera. Kafukufuku wa yunivesite ya Cambridge amene adatuluka mu 2019 adapeza kuti pafupifupi wapolisi mmodzi mwa asanu ku Britain anali ndi zizindikiro za matenda a maganizo obwera munthu akaona zoopsa.

Koma nkhani ili pa zimene zimachitika m'mawa mwake. Mwana wa mlongo wanga, pa siteshoni ina imene sinditchula, adakanyamula mitembo ya banja lonse pa ngozi ya kombi. Adabwerera mbandakucha yunifomu ili magazi okhaokha. Bwana wake sadafunse kuti wadya kapena ali bwanji, adamukalipira chifukwa chipewa adachisiya m'galimoto, n'kumuuza kuti abwerenso madzulo. Lero ukamufunsa, za mitembo amakamba mofatsa, koma akafika pa chipewa mawu amanjenjemera. Patapita zaka adagwira pansi pa mayi wina, insipekita, amene pakachitika zotere ankaitana onse amene adapitako, kuwaphikitsira tiyi, kukhala nawo pansi, n'kuwapatsa ofu ya tsiku limodzi. Mitembo inali yomweyo, msewu womwewo. Mnyamatayo adasiya kumwa m'mawa.

Madokotala ali ndi kafotokozedwe kake. Robert Karasek adaonetsa mu 1979 kuti ntchito yodwalitsa kwambiri ndi imene imafuna zambiri kwa munthu koma osamupatsa mpata wosankha kanthu. Michael Marmot, pofufuza ogwira ntchito m'boma ku London, adapeza kuti a maudindo a pansi ndiwo ankadwala mtima kwambiri kuposa mabwana awo, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali kusowa mphamvu pa ntchito yawo. Bwana sangachepetse ngozi za pamsewu. Koma kumudziwitsa munthu ndandanda yake sabata isanayambe, kapena kumulola kusinthana shifiti ndi mnzake, kuli m'manja mwake.

Kunyumba tingadziwe bwanji kuti zafika poipa?

Mumamudziwa ndinu kuposa dokotala. Onani ngati tulo tasowa ngakhale ali pa ofu, ngati mowa wasiya kukhala wa Loweruka n'kukhala wa tsiku lililonse, ngati wayamba kupsa mtima ndi phokoso la ana, ngati wasiya tchalitchi, mpira ndi maliro a abale. Ena amadandaula mutu, zilonda za m'mimba ndi BP. Ena amangozizira, amakamba za anthu odandaula ngati akukamba za miyala. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO mu 2019 lidavomereza kuti kutopa kotheratu kochokera ku ntchito ndi chinthu chenicheni, ndipo kuzizira mtima kumeneku ndi chimodzi mwa zizindikiro zake.

Akayamba kunena kuti "mukanakhala bwino popanda ine", kapena kugawa katundu wake, musadikire kuti kuche. Kumbukirani kuti ameneyu ndi munthu amene pa ntchito amasainira mfuti. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, musamusiye yekha, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanga ziphuphu zikukhudzana bwanji ndi utsogoleri?

Tonse tikukumbukira zaka zija 2017 isanathe, pamene kuchoka m'tauni kupita ku Chitungwiza unkakumana ndi marodibuloko angapo, madalaivala a makombi akulipitsidwa pompo. Nyuzipepala zinkalemba kawirikawiri za apolisi apamsewu opatsidwa mlingo wa ndalama zoti abweretse pa tsiku. Ife tinkatukwana konsitabulo woima padzuwa, chifukwa ndiye tinkamuona. Asilikali atalowa m'misewu mu Novembala 2017 marodibuloko ambiri adazimiririka, ndipo zidaonekeratu kuti nkhaniyo inkachokera kumwamba.

Sindikuyeretsa wolandira chiphuphu. Koma pali bala lina limene Jonathan Shay, dokotala wa maganizo amene ankathandiza asilikali a ku America obwerera ku nkhondo ya ku Vietnam, adalifotokoza bwino: bala la chikumbumtima, limene limabwera wokulamula akakuchititsa chinthu chimene ukudziwa kuti n'cholakwa. Mwana woleredwa m'Chigwirizano kapena m'madrasa, akauzidwa kuti atseke maso pa doketi ya munthu wodziwika, amatsala ndi njira ziwiri: kuzolowera kapena kuchoka. Ndipo ochoka amakhala aja amene sadafune kuzolowera, ndiye polisi imataya anthu amene imawafuna kwambiri.

Apolisi achikazi amakumana ndi zosiyana?

Kwambiri. Gawo 65 lomwe lija limati mayi wogwira ntchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha uchembere cha miyezi yosachepera itatu akulandira malipiro onse. Koma pepala silinena kuti akabwerako aikidwe usiku sabata yoyamba mwana akuyamwa kapena ayi, zimenezo ndi za sajeni. Palinso nkhani imene amayi amangonong'onezana: bwana wofuna chibwenzi, amene akakanidwa ndandanda imasintha mwadzidzidzi. Poti wokadandaulako woyamba nthawi zambiri ndi yemweyo, ambiri amapempha transifa kapena kusiya osanena chifukwa chenicheni, ndipo m'mabuku zimalembedwa kuti "nkhani za m'banja".

Mwana wathu ali ndi dzina la Phiri. Kodi zimamupweteka pa ntchito?

Pa lamulo siziyenera. Malamulo a 2013 amaika Chichewa pa zinenero 16 zovomerezeka, gawo 56 limaletsa tsankho la mtundu ndi kumene munthu adachokera, ndipo gawo 43 lidabwezera unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo lidachokera m'dziko la SADC monga Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ambiri a ife tikukumbukira zitupa zolembedwa kuti ndife alendo m'dziko limene tidabadwira, ndi m'mene zinkatsekera ana athu makomo a ntchito za boma.

Koma lamulo silimakhala mu kantini. Mayina aja otinyoza nawo ife a ku Malawi, "mubwidi" ndi "mubhurandaya", akadamveka, kawirikawiri mwa nthabwala. Bwana akaseka nawo, ndiye kuti wapereka chilolezo. Akanena kamodzi kokha kuti "pano ayi", zimatha sabata yomweyo. Ndipo bwana wanzeru amadziwa kuti Phiri ameneyu ndi chuma: gogo wa ku Epworth kapena wa pafamu ku Mazowe akabwera kudzadandaula, kapena pakabuka mkangano wokhudza Gule Wamkulu umene anzathu amangouona ngati zvigure zoopsa, amene amamvetsa nkhani mpaka pansi ndi iyeyo. (Chokhumudwitsa n'chakuti ana athu ambiri Chichewacho adachitaya pofuna kubisala. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.)

Wapolisi woponderezedwa angadandaule kuti?

Njira yoyamba ndi ya m'kati, kukwera masitepe: sajeni, OIC, Dispol. Ngati wovutayo ndi OIC, amapempha kuonana ndi wa pamwamba pake, ndipo ndi bwino kupempha polemba n'kusunga kope. Wopezeka wolakwa pa mlandu wa m'kati akhoza kuchita apilo kwa Commissioner-General, pa nkhani ya kuchotsedwa ntchito pali Police Service Commission, ndipo apolisi ena akhala akufika mpaka ku Khothi Lalikulu kukatsutsa m'mene adazengedwera. Masiku ochitira apilo ndi owerengeka, ndiye asagone nayo kalata. Musasokoneze ndi Zimbabwe Independent Complaints Commission ya lamulo la 2022: imeneyo ndi yoti anthu wamba akadandaulire za a chitetezo.

Pa za mumtima, apolisi ali ndi abusa awo ndi makiliniki a m'kampu. Ambiri amaopa kuti zikamveka kwa bwana, ndiye dziwani kuti kunja kulinso thandizo. Friendship Bench, imene adayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Mbare, ili ndi agogo ophunzitsidwa uphungu amene amakhala pa mabenchi a m'makiliniki a khonsolo n'kumamvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri, kumene Ashona amati kufungisisa. Zikakula, ku zipatala za Parirenyatwa ndi Sally Mugabe kuli madokotala a maganizo.

Ine ndine sajeni. Ndilibe galimoto, mafuta, ngakhale mapepala. Mukufuna nditani?

Ndikukumvetsani, bambo, inunso muli ndi bwana wanu amene akukupanikizani. Koma zimene anthu anu amadandaula kwambiri sizifuna bajeti. Pachikani ndandanda poyera kuti aliyense aone kuti usiku ndi maholide zikuzungulira onse, kuphatikizapo wakwanu uja. Wolakwa muitanireni muofesi n'kutseka chitseko. Amene wagwira wakuba mutchuleni dzina pa perete, ndipo lipoti likamakwera dzina lake likhalemo, osati lanu lokha. Mukakana tchuthi nenani chifukwa ndi tsiku limene mudzalole. Wina akaferedwa, pitani kumaliro mutavula chipewa, chifukwa zimenezo anthu saiwala.

Chovuta kwambiri ndi ichi: wina akabwera kudzakuuzani kuti walakwitsa, musamudye. Mukamudya, ameneyo ndi womaliza kukuuzani zoona.

Wapolisi mmodzi akachoka, boma lataya chiyani? Ofuna ntchito ndi ambiri.

Ofuna ntchito ndi ambiridi, mizere ya olembetsa imaoneka. Koma wa zaka khumi pa ntchito amadziwa nyumba imene katundu wakuba amagulitsidwa, amadziwa kulemba doketi yoti isagwe ku khothi la Rotten Row, ndipo amayi a pamsika amamunong'oneza chifukwa amamukhulupirira. Zimenezi siziphunzitsidwa ku depoti. Akapita kukalondera mgodi, kapena kukasamalira okalamba ku Britain, milandu imene ankafufuza imazizira, mboni zimabalalika, ndipo otsala amagawana mashifiti ake, n'kuyamba nawonso kuganiza zochoka.

Mwana wanga akuti akufuna kusiya. Ndimulimbikitse kupirira?

Mufunseni kaye funso limodzi: akuthawa ntchito kapena akuthawa munthu? Ngati akuthawa munthu, kumbukirani kuti mabwana nawonso amasamutsidwa, ndipo pali nthambi zina zimene angapemphe kupitako, monga CID kapena Victim Friendly Unit. Apolisi a kuno akhalanso akutumizidwa ku ntchito za mtendere za United Nations, monga ku Liberia ndi ku South Sudan, ndipo ena adamanga nyumba ndi ndalama za kumeneko. Ngati ndi ntchito yeniyeniyo imene yamudya, musamuumirize chifukwa cha manyazi a kutchalitchi kapena chifukwa ndiye amagula ufa. Tamvapo za ana amene adauzidwa kuti "mwamuna salira" mpaka tsiku loipa lidafika.

Akatsimikiza, achoke mwa dongosolo. Alembe kalata, adikire yankho lolembedwa, afunse ku ofesi ya malipiro kuti zaka zimene wagwira zikumupatsa chiyani pa penshoni, abweze yunifomu ndi chitupa cha ntchito n'kusainitsa, ndipo atenge kalata yosonyeza kuti watuluka bwino, chifukwa makampani a zaulonda ndi maofesi a ma visa adzaifunsa. Ngati akukhala m'kampu, muyambe mwamupezera chipinda, ngakhale cha kuseri kwanu ku Mufakose, kalata isanalowe.